Kabokosi Kanalira Kawiri

A malume anga a Jasper anawamanga Loweruka masana ali ndi magazi a munthu wina m'manja. Magaziwo anali a bambo Stanislaus, tcheyamani wa kalabu yathu ya ma kart, timagalimoto ting'onoting'ono ta mpikisano. Anapezeka chafufumimba mu kontena momwe timasungiramo ma injini, mutu utaphwanyika kumbuyo, sipanala ili pambali. Woyamba kuwaona anali a malume. Anawanyamula, anakuwa, anthu anathamangirako, ndipo anthu omwewo ndi amene anauza apolisi kuti mudhara uyu, mkuluyu, chifukwa anali nacho.

Chifukwacho ku Unit K, komboni kwathu kuno pakati pa Ashona, palibe amene sachidziwa. Bwalo lathu ndi phula lakale, matayala m'mbali, udzu kumbuyo, basi. Zaka zonsezi a malume ndi amene ankawerenga malapu, kuti aliyense wazungulira kangati, wotchi pakhosi, anzawo ataima m'makona, maso pa kart iliyonse. Chaka chatha bambo Stanislaus anabweretsa ma transponder. Ife timangoti tibokosi. Kabokosi kachikasu, kukula ngati sopo wosambira, umakamangirira pa kart. Pansi pa phula pa mzere womalizira pali waya. Ukadutsa, makina a m'kanyumba ka nthawi amalira pi, nthawi yako yalowa mu laputopu, kenako pa foni ya aliyense. Zokangana kuti ndinali patsogolo ndine zinatha tsiku lomwelo. Ntchito ya a malume ndi anzawo inathanso tsiku lomwelo. Ndiye a malume ndi munthu wa pakamwa. Anauza tcheyamani pamaso pa gulu kuti tibokosi takoti tidzakuika m'manda.

Manje onani.

*

Lamlungu m'mawa ndinali pa polisi. Nkhaniyi ili m'manja mwa Sajeni Everjoy, mayi wamfupi, maso otopa, sakweza mawu.

"Sisi, handina nyaya nemi," anatero mu Chishona, kuti alibe nane nkhani. "Ndafunsa aliyense. Bambo aja anamenyedwa nthawi ya practice. Madalaivala onse anali m'bwalo, laputopu ikuonetsa aliyense akuzungulira mpaka mbendera. Oonerera anali ku mpanda, wina pambali pa mnzake. Amene anali yekha ndi sekuru venyu, a malume anuwo."

"Ndiye mboni yanu ndi laputopu?"

"Mboni yosamwa mowa, yopanda m'bale. Mawa akaonekera ku khoti. Mlandu wakupha, za bail iwalani."

A malume ali ndi shuga, ya jakisoni. Akachedwa kudya pang'ono manja amayamba kuvina. Ku remand sangathe mwezi, izi sindikufuna dokotala kuti andiuze. Amayi, mlongo wawo, chimangidwireni a malume sanalawe kanthu, amangophika n'kuika m'mbale n'kumanga pa nsalu.

Anandilola kuwaona. Lamba anawalanda, zingwe za nsapato anawalanda, anabwera dzanja limodzi litagwira thalauza.

"Wabwera wekha? Learnmore ali kuti?"

Learnmore ndi bhudhi wanga, mchimwene wanga wamkulu. Bambo athu atamwalira, a malume ndi amene anatilera. Kuyendetsa kart anamuphunzitsa ndi iwo. Ngakhale ka mbendera ka Malawi kali kutsogolo kwa kart yake, ka dzuwa lotuluka kaja, anamata okha, ati agogo a ku Dedza aziona kumene ali.

"Akuti mutu ukumupweteka," ndinatero. "Malume, ku kontena mumakatani?"

"Tiyi."

"Tiyi? Kwa munthu amene munamulosera manda?"

"Iwe mwana, kutukwanana ndi kutukwanana, tiyi ndi tiyi. Loweruka lililonse ndimakhala pansi pa mtengo uja nditafulatira bwalo lawolo, sindifuna kuona zopusa. Thupi likayamba kunjenjemera ndimapita kwa Stanislaus, amandisungira fulasiki ndi mabanzi. Iye amanditcha mudhara wa wotchi, ine ndimamutcha kapolo wa batire. Dzulo ndalowa, ndapeza munthu ali pansi, makapu awiri ali pa tebulo, tiyi atathira kale."

Ndinawafunsanso.

"Munaonanso chiyani?"

"Magazi."

"China, malume. Chilichonse."

Anatsinzina. "Injini. Pali ina inali yomangidwa tcheni pa shelefu. Inali pansi, tcheni ikadali m'malo mwake, ngati munthu amaikoka ndiye yamukanika."

"Ya ndani?"

"Ndidziwa bwanji? Ine anandichotsa. Za m'kalabu sandiuzanso."

*

Maliro ali ku Zengeza 4. Thupi likadali ku mochari koma anthu anadzaza mpaka mumsewu. Nditatsika kombi, minibasi ya kuno, ndinamva mayi wina akunong'ona kuti muzukuru wemhondi, mdzukulu wa chigawenga. Ndinagwira manja amene anandilandira, ndinakhala kumapeto kwa benchi, mutu pansi, makutu m'mwamba.

Kwa anzathu Achishona pa maliro pamakhala sahwira. Ndi mnzake wa pamtima wa malemu, ndipo tsiku limenelo amaloledwa kunena chilichonse. Amavala zovala za malemu, amayenda ngati iye, amayankhula ngati iye, anthu n'kumaseka misozi ili m'masaya. Sahwira wa bambo Stanislaus ndi mudhara Cephas. Anatuluka m'nyumba atavala ovolosi ya buluu ya malemu, mimba atakokomeza ndi pilo, m'manja atanyamula sopo wachikasu.

"Technology, vakomana!" anakuwa, mawu enieni a tcheyamani. "Ndachotsa madhara odya mabanzi, ndagula sopo wodziwa masamu! Sadwala, sapempha ya kombi, safuna tiyi! Amangofuna batire, ndi subscription, ndi batire ina, ndi jenereta yathu ija tinagulitsa!"

Anthu anaseka. Ngakhale mkazi wa malemu anagwira pakamwa.

"Kale mpikisano ukatha timamenyana mpaka dzuwa kulowa. Lero timagwirana chanza, aliyense maso pa foni. Ndani wapambana? Hameno, kaya, network!"

Kenako anatembenuka, sopo uja n'kumuloza nawo mnyamata wina wa jekete yachikopa amene anaima pafupi ndi geti. Kumbirai. Champion wathu, amene kampani ina yalonjeza kumutumiza ku Joni kukapikisana.

"Iwe Kumbirai! Sopo wanga akuti pa mzere wowongoka ukuthamanga ngati kombi ya ku Makoni yaona pasinjala womaliza. Injini ya kalasi yathu siingatero. Ndaimanga tcheni, ukwere ya kalabu! Tiitsegula pamaso pa komiti, ndipo tikapeza waikulitsa m'mimba, Joni uzingomuona pa TV!"

Gulu lonse linafa nako kuseka. Mudhara Cephas anali atapita kale kwa wina, akumunena za ngongole ya mowa. Iye amangosewera, samadziwa chimene waponya.

Kumbirai yekha sanaseke.

Ndinamupeza kuseri kwa galimoto yake akuyatsa fodya.

"Injini ya pa tcheni ndi yako," ndinatero.

"Sha, ndiri kuchema, ndili pa maliro. Don't start."

"Inapezeka pansi. Wina amaikoka."

"Funsa sekuru vako." Anatulutsa foni, n'kundiika pamphuno. "Check. Dzina langa ilo. Lapu yoyamba mpaka yomaliza, palibe yodumpha. Ndinatuluka ndi aliyense, ndinabwerera ndi aliyense."

"Ndani anakuona ukuzungulira?"

"Kabokosi."

"Ndikunena munthu, Kumbi."

"Mu helemeti tonse timafanana, Lisnet. That's why tinagula tibokosi." Anapopa fodya. Nditatembenuka kuti ndizipita anandiitana. "Bhudhi wako ali bwanji? Umuuze ndamupatsa moni. Umuuze apume, asamayankhule kwambiri, mutu umakula."

Ndinaima. Ine sindinauze munthu pa maliro paja kuti Learnmore akudwala mutu. Ndipo awiriwa chaka chonse chino sanapatsanepo moni.

*

Ndinapita ku bwalo. Lamlungu kumakhala zii, mbuzi zokha. Kontena anaizunguliza tepi ya apolisi. Ndinayenda phula lonse wapansi, dzuwa likuswa mutu, mpaka pa kona yakumbuyo. Kale pamenepa pamaima mmodzi wa anzawo a malume ndi mbendera yachikasu. Lero pali mulu wa matayala ndi udzu wofika m'khosi. Uli ku mpanda sungapaone.

Udzu unali wogona. Mizere iwiri yopapatiza, kutalikirana kwake kwa kart, kulowa kuseri kwa matayala. Kuchoka pamenepo kanjira ka mbuzi kamakafika kumbuyo kwa kontena. Munthu atha kuimika kart apa, kuthamanga, kubwerera, n'kulowanso m'gulu pomaliza. Koma nanga kabokosi kake kamazungulira ndi miyendo?

Pa msewu, pakhomo la bwalo, Mai Tabeth anali pa tebulo lawo la maputi, chimanga chokazinga, ndi mafreezit, timadzi tozizira ta m'mapulasitiki. Iwo ndi Mshona koma anakwatiwa kwa anthu athu ochokera ku Malawi ku Unit C, ndiye Chichewa chawo chimayenda ndi ndodo.

"Maiwe, mwana wa a Jasper! Zvakaoma, zavuta. Tenga freezit, usalipire. Mudhara uja kupha munthu? Uja amapepesa nkhuku asanaidule?"

"Mai, dzulo munali pati?"

"Pa mthunzi wa kanyumba ka nthawi, malo anga. Kale madhara amandithamangitsa, ati ndikuwasokoneza masamu. Manje mulibe munthu, laputopu amaitsekera yokha, chimakina chimangolira pa windo. Pi. Pi. Pi. Ndikafika kunyumba ndimamvabe mu tulo, baba vacho, amuna anga, akuti ndikulota ma microwave."

"Munaona kart ina itaima?"

"Ini handioni zvemotokari, mwanangu, za magalimoto sindiona. Fumbi ndi phokoso. Ndimaona makasitomala. Ndipo makasitomala akenso saona, amangoyang'ana mafoni, freezit kusungunukira m'manja." Anapukuta tebulo. "Koma ndinawauza anzanga kuti makina awo aja afa, mari yavo yaenda, ndalama zapita. Dzulo anali openga."

"Openga bwanji?"

"Ndazolowera ine. Imodzi yadutsa, pi. Ziwiri zadutsa, pi, pi. Dzulo panali ina, ikadutsa yokhayokha, kutsogolo kulibe, kumbuyo kulibe, koma makina pipi! Yazungulira, yabwera, pipi! Mpaka ndinadzutsa mutu, ndikuti kodi ili ndi mimba?"

Freezit inandizizira m'mano. Kart imodzi, tibokosi tiwiri.

"Apolisi munawauza?"

"Mayi uja anandifunsa kuti ndaona ndani akupita ku kontena. Ndinati palibe. Za pipi ndimuuze kuti andiseke?"

"Mai, kart yake iti?"

"Manambala sindiwadziwa."

"Mtundu. Chilichonse."

"Aa, iyo ndiyosavuta. Iya ine zuva. Ili ndi ka dzuwa kofiira kutsogolo."

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo. Dzulo, maliro asanamveke, pa gulupu ya kalabu ya pa foni anthu ankatumiza tizithunzi ta moto, ati Learnmore lero wamumatirira Kumbirai ngati nkhupakupa, lapu iliyonse ali limodzi. Learnmore, wa injini yotopa. Inenso ndinatumiza kamoto. Tonse tinaziona pa foni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsa mutu kuyang'ana phula.

*

Kart ya Learnmore imagona kuseri kwa nyumba, pansi pa tenti yakale. Ndinafika dzuwa likupendeka, sindinalowe m'nyumba, ndinapita komweko n'kuvundukula.

Ife osauka tibokosi timamangira ndi rekeni, mphira ya chubu. Zomangira zake zenizeni n'zodula, kalabu inagula tibokosi tokha. Rekeni ya Learnmore inali pamalo pake, pa chitsulo cha kumanja kwa mpando. Ndinagwada, ndinasuzumira kumanzere, pansi. Panali ka cable tie koyera, kachingwe ka pulasitiki komangira, kodulidwa mothamanga, mutu wake utakanirira pa bawuti. M'kalabu monse amene amamangira ndi ma cable tie oyera ndi munthu mmodzi, amayenda nawo paketi mu jekete yachikopa.

Ndinajambula. Kenako ndinamva mpweya kumbuyo kwanga.

"Ukufuna chiyani pa kart yanga?"

Learnmore. Maso ofiira, malaya a dzulo.

"Mutu uli bwanji, bhudhi? Kumbirai akuti akupatsa moni."

Anayang'ana foni yanga, anayang'ana pansi pa mpando, kenako anakhala pa tayala.

"Siinali plan yopha munthu, Lisi."

"Inali plan yotani?"

"Anati akungofuna injini yake. Aichotse, aibise mu udzu, anthu aziti mbava zalowa. Popanda injini palibe chotsegula, komiti ilibe nkhani. Ine ntchito yanga kungonyamula kabokosi kake, basi. Tcheyamani nthawi ya practice amakhala ku mzere ndi mbendera, aliyense amadziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye anapatsa wina mbendera. Anabwerera ku kontena kukathira tiyi wa a malume." Anadzikanda kumaso ndi manja onse. "Anamupeza Kumbi akulimbana ndi tcheni. Anayamba kukuwa, akuti wathera pano, Joni yatha, ndikuitana apolisi. Atatembenuka kuti atuluke… Kumbi akuti sanaganize. Sipanala inali kale m'manja."

"Anakulonjeza chiyani?"

"Lisi…"

"Chiyani?"

"Kabokosi kangakanga. Katsopano. Ndatopa kubwereka ka kalabu ka batire yakufa, ndikuzungulira ngati galu, theka la malapu osalowa, anthu n'kumati ndine wochedwa. Umadziwa mmene zimawawira? Kuthamanga, makina n'kunena kuti kunalibe?"

"A malume akugwira thalauza ndi dzanja, bhudhi. Anawalanda lamba. Funso lawo loyamba, Learnmore ali kuti."

Analira. Osati mokweza, mapewa okha.

"Kumbi akuti ndikayankhula tonse tilowa. Akuti wonyamula kabokosi ndi wonyamula sipanala ndi amodzi pa khoti. Iye ali ndi loya, ine ndili ndi chiyani? A malume alibe umboni weniweni pa iwo, adzawatulutsa, ingodikira. Mwina mwezi, mwina iwiri…"

"Shuga idikira?"

"Ndine mlongo wako, Lisi. Fufuta chithunzicho. Ka pulasitiki aka ndikachotsa pompano, palibe adziwe. Please, sha."

Nambala ya Sajeni Everjoy inali pa sikirini, chithunzi nditachiika kale, chala changa chili pamwamba. Guys, sindinama, chala chimenecho chinalemera. Uyu ndi munthu amene ankandiberekera ku sukulu mvula ikagwa. Ndikatumiza, a malume atuluka, iye alowa. Ndikafufuta, ndidzakhala pa benchi ya maliro ena, ndikudziwa chimene chinawapha.

Chitseko cha kukhitchini chinalira. Amayi anaima pamenepo, sindikudziwa kuyambira liti. M'manja anali ndi mbale zomanga pa nsalu, ndi kachikwama ka jakisoni ka a malume. Sanandiyang'ane ine. Anayenda mpaka pa kart, anayang'ana ka mbendera ka dzuwa kaja nthawi yaitali, kenako anaika mbale pa miyendo ya Learnmore.

"Amayi…"

"Chakudya cha a malume ako. Lero upititse ndiwe."

"Amayi, mundimvere kaye…"

"Ndamva. Dzuka, chikuzizira." Mawu awo anali osalala, ngati akumutuma ku tuckshop. "Ukafike, ukamufune mayi wapolisi uja, ukamuuze zimene wamuuza mlongo wako. Lisnet akuperekeza. Mbale usavutike nazo, a malume ako abwera nazo okha."

Learnmore anandiyang'ana. Ndinadina. Foni inalira kamodzi, uthenga wapita.

Anadzuka pang'onopang'ono, mbale m'manja. Anafika pa geti, anaima, anandipatsa mbale kuti ndigwire. Ndinaganiza kuti athawa, ndipo sindikudziwa ngati ndikanakuwa. Koma anabwerera ku kart. Anamasula lamba wake, anaukulunga bwinobwino, anauika pa mpando. Anawerama, anasolola zingwe za nsapato, anaziika pamwamba pake.

"Muwapatse a malume lambayu," anauza amayi. "Wawo uja ndi wakale."

Amayi anavundikira kart ndi tenti, analowa m'nyumba, anatseka chitseko. Tili pa msewu ndi pamene tinamva kulira kwawo.